Amisiri, werengani zimene inshuwalansi yanu ikukana kulipira

Akonzi,

Tipatseniko danga m'nyuzipepala yanu tilankhule ndi amisiri komanso eni mabizinesi ang'onoang'ono za inshuwalansi imene imalipira munthu wina akavulala, kapena katundu wake akawonongeka, chifukwa cha ntchito yawo. Pa mapepala a makampani a inshuwalansi imalembedwa kuti public liability. Pali amene amati imeneyi ndi ya makontirakitala akuluakulu, iwo siikuwakhudza. Palinso amene amaigula chifukwa mwini ntchito wanena kuti wopanda satifiketi salowa pa geti, ndiye pepalalo likangotuluka amalipinda n'kuliponya m'dirowa. Onsewa ali pa ngozi, koma achiwiriwa ndi amene akutidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa akutulutsa ndalama mwezi ndi mwezi pomwe tsiku la tsoka akhoza kudzauzidwa kuti zachitikazo m'pangano la inshuwalansi mulibe.

Tiyambe ndi oyambawo. Kukula kwa mlandu sikuyendera kukula kwa ntchito. Pulambala akhoza kuitanidwa kukasintha mpopi umodzi m'chipinda cham'mwamba cha nyumba yosanja, ntchito yosakwana ola. Joini ikapanda kumangika bwino, madzi amatayika usiku wonse, kuboola siling'i, kulowa m'mawaya a magetsi, mpaka kunyowetsa katundu wa sitolo ya pansi. Malipiro ake pa ntchitoyo sangagule ngakhale penti ya khoma limodzi. Wa saluni kapena wa sitolo naye sali patali: pansi pakolopedwa, chikwangwani palibe, kasitomala waterereka n'kuthyoka chiuno. Bilu ya kuchipatala, malipiro a miyezi imene munthuyo wakhala osagwira ntchito, chipukuta misozi cha ululu, ndalama za maloya, zonsezi zimalunjika kwa mwini bizinesi. Ndipo ngati bizinesiyo ndi ya munthu mmodzi, yosalembetsedwa ngati kampani yoima payokha, khothi silisiyanitsa ndalama za bizinesi ndi katundu wa pakhomo.

Ena amadzitonthoza kuti wovulalayo sanali kasitomala wawo, ndiye panalibe mgwirizano uliwonse. Mfundo imeneyo inagwa kalekale. Mu 1928 mayi wina dzina lake May Donoghue anamwa chakumwa cha m'botolo ku Paisley, m'dziko la Scotland, ndipo anadandaula kuti anadwala chifukwa m'botolomo munali nkhono yowola. Chakumwacho anamugulira ndi mnzake, kotero iye analibe pangano ndi wogulitsa kapena wopanga. Komabe mu 1932 bwalo la House of Lords, lomwe pa nthawiyo linali khothi lalikulu kwambiri ku Britain, linagamula kuti akhoza kusumira wopangayo, ndipo mmodzi wa oweruza, Lord Atkin, anafotokoza kuti munthu ayenera kusamala kuti asapweteke aliyense amene nzeru zikanamuuza kuti zochita zake zingamupweteke. M'mayiko amene malamulo awo anachokera ku Britain mfundoyi ikugwirabe ntchito. Mwana wodutsa pansi pa makwerero anu, mwini galimoto yoimikidwa pafupi ndi pomwe mukupopera penti, woyandikana nyumba amene mpanda wake wagwa chifukwa cha dzenje lanu, onsewa angathe kukusumirani, bola aonetse kuti munayenera kusamala, simunasamale, ndipo kusasamalako ndiko kwawapweteka.

Inshuwalansiyi imalipira chipukuta misozi kwa wovulala kapena banja la womwalira, katundu wa anthu ena amene wawonongeka, ndi ndalama zoyendetsera mlandu. Chomalizachi anthu amachipeputsa. Munthu akhoza kukusumirani inu musanalakwe, ndipo kuti khothi likhutire kuti simunalakwe pamafunika loya, nthawi zina ndi katswiri wodzafufuza chomwe chinaphulitsa paipi kapena kuyambitsa moto. Kuwina mlandu nako kumadya ndalama.

Mikangano yambiri imabukira apa: inshuwalansiyi siilipira ntchito yanu yolakwikayo, imalipira zimene ntchito yolakwikayo yawononga. Kwa pulambala uja, siling'i, mawaya ndi katundu wa m'sitolo kampani ilipira. Koma kugula joini ina, kubwerera kukaimanga, nthawi yake ndi thiransipoti, zimenezo ndi za m'thumba mwake. Woika matailosi amene ntchito yake yayamba kudzuka chifukwa anasakaniza guluu molakwika asayembekezere kanthu, poti palibe china chawonongeka kupatula ntchito yakeyo. Womanga amene khoma lake lapendekeka aligumule n'kulimanganso ndi ndalama zake, koma khomalo likagwera galimoto ya mlendo, galimotoyo ndiye ili m'pangano. Ife tikuona kuti malire amenewa ndi oyenera. Inshuwalansi ikanamalipira ntchito yosalongosoka, bwenzi mmisiri waluso akulipirira waulesi.

Chimene chimadzidzimutsa ambiri ndi katundu wa kasitomala amene ali m'manja mwanu. Mapangano ambiri amachotsa katundu amene mukusunga, mukuyang'anira, kapena amene mukumukonza pa nthawiyo. Makaniko amene galimoto ya kasitomala yagwa pa jeke, wokonza mafoni amene waswa sikirini, telala amene wapsereza nsalu ya mwini wake ndi ayironi, wotsuka mawindo amene wakanda galasi lomwe amatsukalo, onsewa pangano wamba limawakana. Kwa anthu a ntchito zoterezi ngozi yawo yaikulu ili pomwepo, ndiye kugula pangano lopanda ndime yowonjezera ya katundu wa makasitomala n'kutaya ndalama. Ndimeyo ilipo ndipo imagulidwa, ngakhale imakhala ndi malire akeake amene kawirikawiri ndi otsika kuposa a pangano lonse. Musakhutire ndi mawu a pakamwa, muione italembedwa.

Antchito anu nawo sali m'gulu la anthu amene inshuwalansiyi imawalipira. Wophunzira ntchito, waganyu wa tsiku limodzi, ngakhale m'bale amene wabwera kudzakugwirirani makwerero, makampani ambiri amawawerenga ngati antchito. Akagwa, imeneyo ndi nkhani ya inshuwalansi ya olemba anthu ntchito kapena thumba la ovulala pa ntchito, malinga ndi malamulo a dziko. Ku Britain lamulo la 1969 limakakamiza olemba ntchito kukhala ndi inshuwalansi imeneyo, ndipo masiku ano malire ake sayenera kuchepera mapaundi 5 miliyoni, pomwe ya public liability mabizinesi ambiri lamulo siliwakakamiza. Zina tingozidutsa mwachangu. Ngozi ya galimoto pa msewu ili ndi inshuwalansi yake. Zida zanu zikabedwa, pangano ili silikhudzidwa. Malangizo kapena pulani yolakwika imene yaluzitsa kasitomala ndalama imafuna inshuwalansi ina yotchedwa professional indemnity. Chindapusa cha boma, chilango cha kuchedwa kumaliza kontirakiti, zochita dala, asibesitosi ndi kuipitsa malo pang'onopang'ono, pafupifupi kampani iliyonse imazikana. Amene mumapanga kapena kugulitsa zinthu, onetsetsani kuti ndime yotchedwa product liability yalembedwa, chifukwa chinthu chikavulaza munthu chitachoka kale m'manja mwanu, imayankha ndi ndime imeneyo.

Pa tsamba loyamba la pangano pali mzere wofotokoza ntchito yanu. Ndi waufupi, koma wofufuza wa kampani amayambira pomwepo. Mukalembetsa kuti ndinu wopenta, kenako kasitomala n'kukupemphani kuti mukhomeko malata awiri poti muli kale pamwamba, lata likagwera munthu kampani idzati ife wokhoma madenga sitimudziwa. Mmisiri wa maluso angapo alembetse ntchito zonse, ngakhale zimene amagwira kamodzi pa chaka. Pulimiyamu, ndalama imene mumalipira kampani ya inshuwalansi, ikwera, inde, chifukwa imawerengedwa potengera mtundu wa ntchito, ndalama zimene bizinesi imalowetsa pa chaka, chiwerengero cha antchito kapena malipiro awo, malire amene mwasankha, ndi ngozi zimene munachitapo. Koma kuchepetsa manambala pa fomu kuti mulipire zochepa n'kudzikola nokha. Kampani ikapeza kuti munabisa dala, ikhoza kufafaniza pangano lonse ngati silinakhalepo. Ngakhale kumene malamulo anafewetsedwa, monga ku Britain pa lamulo la 2015, wolakwitsa mosadziwa amadulidwabe: ngati analipira theka la pulimiyamu imene akanayenera kulipira, kampani nayo ikhoza kulipira theka la mlandu. Ngozi zakale zitchulidwe zonse, kuphatikizapo zimene munazithetsa mwakachetechete ndi ndalama zanu.

Kenako pali malamulo a kagwiridwe ka ntchito amene amabisala m'masamba a kumapeto, ndipo oopsa kwambiri ndi a moto. Aliyense wogwiritsa ntchito makina owotcherera, gulayinda, moto wa gasi kapena phula lotentha pamalo a kasitomala aone kaye ngati ntchito ya moto ndi yololedwa n'komwe, chifukwa mapangano ena amaichotseratu. Kumene ndi yololedwa, zofunika zake zimafanana. Chilichonse chogwira moto chichotsedwe kapena chiphimbidwe ndi chofunda chosapsa pa mtunda umene walembedwa, kawirikawiri mamita 10 kapena kuposerapo. Chozimitsira moto chodzaza chikhale pomwepo, osati m'galimoto. Onani kuseri kwa khoma kapena chitsulo chimene mukuwotcha, poti kutentha kumadutsa. Mukazimitsa makina, munthu atsale akuyang'anira malowo kwa mphindi 30 mpaka 60, malinga ndi pangano. Lamulo lomalizali amisiri amaliona ngati kutaya nthawi, koma lili ndi chifukwa. Moto wothetheka pa gulayinda umalowa m'ming'alu, m'utuchi kapena m'siling'i n'kumanyeka osaoneka, ndiye umadzabuka anthu ataweruka. Nyumba ikapsa, funso loyamba lidzakhala loti anatsala ndani ndipo anachoka nthawi yanji. Kabuku kolembamo nthawi yozimitsira makina ndi nthawi yochoka, kosainidwa tsiku lililonse, ndiko kamayankha funso limenelo.

Kukwera ndi kukumba nakonso kuli ndi polekezera. Mapangano ambiri a amisiri amatchula utali, monga mamita 10 kapena 15 kuchokera pansi, ndi kuya kwa dzenje, monga mita imodzi mpaka atatu. Okumba amafunidwanso kufufuza komwe kwadutsa mapaipi ndi mawaya a pansi pa nthaka asanaponye piki, ndi kusunga umboni woti anafunsa kwa eni ake. Chingwe chimodzi cha magetsi kapena cha intaneti chikaduka, bilu yokonzera ikhoza kuposa mtengo wa kontirakiti yonse.

Amene mumagawirako anzanu ntchito, siyanitsani anthu awiri. Wina amabwera ndi manja okha, kugwiritsa zida zanu ndi kumvera malangizo anu. Ameneyo kampani imamuona ngati wantchito wanu, ndipo malipiro ake alowe m'manambala amene mwapereka. Wina amabwera ndi zida zake ndi anthu ake, kutenga gawo la ntchito pa mtengo wake. Ameneyu akhale ndi inshuwalansi yakeyake, ndipo mapangano ambiri amakulamulani kuti muione asanayambe komanso kuti malire ake asachepere anu. Tengani kope, onani madeti ndi ntchito yolembedwapo, imbirani kampani yake. Mukapanda kutero, iye akalakwitsa mwini nyumba adzasumira inu, poti anapangana ndi inu, ndipo kampani yanu ikhoza kusamba m'manja.

Malire a ndalama musawayeze ndi kukula kwa mainivoisi anu. Ganizirani nyumba yodula kwambiri imene mumalowamo ndi kuchuluka kwa anthu amene amakhala pafupi mukamagwira ntchito. Mukatero funsani ngati malirewo ndi a ngozi iliyonse payokha kapena a ngozi zonse za chaka pamodzi. Ngati ndi a chaka chonse, ngozi imodzi yaikulu m'mwezi wachiwiri ikhoza kukusiyani pambalambanda mpaka chaka chithe. Funsaninso ngati ndalama za maloya zili mkati mwa malirewo kapena pamwamba pake. Tiyerekeze, m'ndalama ya dziko lililonse, kuti malire ndi 10 miliyoni, khothi lagamula 9 miliyoni, ndipo mlandu wadya 3 miliyoni. Za maloya zikakhala mkati, kampani ilekera pa 10 ndipo 2 miliyoni yotsalayo ndi yanu. Zikakhala pamwamba, kampani ilipira 12 yonse. Masatifiketi a mapangano awiriwa akhoza kuoneka ofanana ndendende. Palinso excess, gawo loyamba la bilu limene mumalipira nokha pa ngozi iliyonse, makamaka ya katundu. Ikakhala yaikulu pulimiyamu imatsika, koma sankhani imene mungathe kuitulutsa sabata yomweyo osagulitsa zida. Mapulambala ndi owotcherera aonenso ngati ngozi za madzi kapena za moto zili ndi excess yake yokwererapo.

Nkhani ya nthawi ndi imene ngakhale ogulitsa inshuwalansi ena amaifotokoza mosokoneza. Mapangano ali mitundu iwiri. Wina umayang'ana tsiku limene ngozi inachitika, wina tsiku limene dandaulo lafika. Tinene kuti munthu anavulala pamalo anu mu 2023 koma kalata ya loya wake yafika mu 2025. Pa mtundu woyamba limayankha ndi pangano la 2023, ngakhale munasiya kulipira kapena munasamukira ku kampani ina. Pa wachiwiri limayankha ndi pangano limene lilipo mu 2025, ndiponso pokhapokha ngati ngoziyo inachitika pambuyo pa deti lolembedwa m'panganomo kuti retroactive date. Wosintha kampani osaonetsetsa kuti deti lakale lasungidwa amataya chitetezo cha zaka zonse zam'mbuyo tsiku limodzi. Mtundu woyambawo nawo uli ndi msampha wake, chifukwa umawerenga tsiku la ngozi, osati tsiku limene munagwira ntchito. Wamagetsi amene anaika mawaya mu 2022, n'kusiya kulipira mu 2023, nyumba n'kupsa mu 2024, alibe pogwira. N'chifukwa chake chizolowezi chogula inshuwalansi pofuna tenda, ntchito ikatha n'kusiya kulipira, n'kudzinamiza. Madandaulo amachedwa kubwera. Ku England wovulala amakhala ndi zaka 3 zoti asume, wowonongekeredwa katundu zaka 6, ndipo kwa mwana kuwerengako kumayamba akakwanitsa zaka 18. Mapangano akale, malisiti ndi zithunzi za ntchito musataye.

Ngozi ikachitika, thandizani kaye wovulala ndipo letsani kuti zisapitirire: tsekani madzi, zimitsani magetsi, tchingani malowo. Jambulani zithunzi, zapafupi ndi zapatali, musanasese kapena kukonza chilichonse. Tengani mayina ndi manambala a foni a amene aona. Kachipangizo kamene kalephera, kaya ndi joini, valuvu, waya kapena bawuti, kasungeni bwino, chifukwa ngati vuto linachokera ku fakitale kampani yanu idzakagwiritsa ntchito pobwezera mlandu kwa wopanga. Lembani zonse tsiku lomwelo, mutu usanayambe kukonza nkhani. Dziwitsani kampani mwamsanga komanso molemba, ngakhale munthuyo wanena kuti palibe kanthu, ngakhale bilu ikuoneka yochepa kuposa excess. Msana umene lero ukungopweteka pang'ono ukhoza kudzafuna opaleshoni chaka chamawa, ndipo kuchedwa kunena kumapatsa kampani poimira pokana kulipira.

Chovuta kwa munthu waulemu ndi ichi: musavomere kulakwa, musalonjeze kulipira, musasaine kanthu. Kumvera munthu chisoni ndi kuthamangira naye kuchipatala palibe akuletsa. Koma mawu oti "ndalakwa ndine, ndikonza zonse", makamaka olembedwa pa WhatsApp, amamanga manja loya amene akanakuimirani, ndipo pangano limapereka mphamvu yokambirana za malipiro kwa kampani yokha. Kalata ya loya kapena chisamani zikafika, musayankhe nokha ndipo musazigonetse, zipititseni ku kampani tsiku lomwelo. Chisamani chimakhala ndi masiku ake, akadutsa khothi limagamula inu kulibe.

Makampani a inshuwalansi nawo tisawasiye. Kugulitsa satifiketi m'mphindi zisanu kwa munthu amene sanaonetsedwe ndime ngakhale imodzi ya zochotsedwa si chilungamo, ngakhale lamulo litalola. Tikupempha kuti wogula aliyense azipatsidwa tsamba limodzi m'chinenero chimene amamva, lonena ntchito zotetezedwa, zochotsedwa, malire, excess ndi nambala yoimba pa ngozi. Podikira zimenezo, safunsa anadya phula. Muuzeni ejenti kapena buloka, mkhalapakati wogulitsa inshuwalansi, ngozi zitatu zimene mumaziopa kwambiri pa ntchito yanu, akuonetseni ndime imene ingalipire iliyonse, ndipo yankho libwere molemba. Onetsetsani kuti kampaniyo ili ndi chiphaso cha bungwe loyang'anira inshuwalansi m'dziko lanu. Mukalipira kudzera mwa munthu, imbani ku kampani mutsimikize nambala ya pangano komanso kuti ndalama yafikadi. A kampani akakana dandaulo lanu, auzeni alembe chifukwa chake ndi ndime imene aimapo, poti kalata imeneyo ndiyo mumapita nayo ku bungwe loyang'anira kapena ku ofesi yomva madandaulo.

Eni nyumba ndi mabizinesi amene mumalemba amisiri, nkhaniyi ikukukhudzaninso, chifukwa kuwina mlandu kwa munthu wopanda kanthu sikubwezeretsa denga. Pemphani satifiketi ntchito isanayambe. Onani ngati dzina likufanana ndi la pa koteshoni, ngati madeti akufika tsiku lomaliza ntchito, ngati ntchito yolembedwayo ndi yomwe mwamuitanira, komanso ngati malire akuyandikira mtengo wa nyumba yanu. Pakakhala kuwotcherera kapena kukwera pamwamba funsani padera, chifukwa zimenezo nthawi zambiri pa satifiketi sizioneka, zimakhala m'pangano lenilenilo.

Ife,
Alangizi a za inshuwalansi ya mabizinesi